Khungu Langa si Khoma

Lolemba, 4 Ogasiti

Chidziwitso kwa onse, oyenda ndi ogona omwe: lero nthawi ya 10 koloko m'mawa chipatala chino chalandira mlendo wolemekezeka. Mlendoyo ndine. Mmisiri wamkulu wopenta nyumba, zaka makumi anayi ndi zisanu pamakwerero osagwa ngakhale kamodzi. Kawiri kaja amene anagwa anali makwerero, ine ndinangowatsatira. Andipatsa bedi nambala 7, la pawindo, ndipo anthu atatu ovala zoyera anandizungulira n'kumandiyang'ana thupi lonse mwachidwi, ulemu umene sindinaulandire ngakhale tsiku la ukwati wanga.

Kabuku kano ndinkalembamo miyezo ya zipinda za anthu. Masamba otsalawa ndilembamo za matenda, kuti wina akadzati nkhalamba ija inangogona n'kumabuula, umboni udzakhalepo.

Matendawo dzina lake soriyasisi. Ndakhala nawo zaka makumi atatu: zigamba zokhuthala pazigongono, pamawondo, kumsana ndi m'mutu, pamwamba pake mamba otuwa mbuu ngati laimu wouma. Tinkakhala mwamtendere ngati alendi awiri m'nyumba imodzi, iwo chipinda chawo, ine changa. Mwezi uno mnzangayo walanda nyumba yonse. Kuyambira m'khosi mpaka kumapazi ndikufundula ngati njoka, miyendo yatupa, ndipo ndikunjenjemera ndi kuzizira kunja dzuwa likuswa mtengo. Kutentha kwa thupi 38.7. Andiika diripi.

Koma chimene chikundipweteka si khungu ayi. Ndilembe poyera. Ndimakhala kwa mwana wanga wamwamuna, wogwira ntchito mu ofesi, ndi mkazi wake. Miyezi inayi yapitayo kunabadwa mdzukulu wanga woyamba, kamtsikana. Ndimakatcha Kabwana, chifukwa kakangolira nyumba yonse imaimirira. Kabwanako sindinakanyamulepo. Ngakhale chala chake sindinachigwire. Mpongozi wanga ananena mwaulemu wake wonse kuti, "Bambo, mwanayu khungu lake n'lanthete, tidikire kaye mupole." Kapu yanga anaimanga ulusi wofiira pachogwirira kuti isasokonekere ndi za anthu. Mbale yanga, thaulo langa, mpando wanga, zonse pazokha. Ndikagwira chitseko, iye ali pambuyo ndi beseni la madzi otentha. N'chifukwa chake mumtima ndinamupatsa dzina la ulemu: a Beseni.

Mupole, eti. Zaka makumi atatu! Ndituluka muno ndi miyendo yanga, ndipo Kabwana ndikakanyamula. Ndalemba, ndasaina.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Kwabwera adokotala a khungu. Ndi mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga, mawu apansipansi koma maso ngati wapolisi wa pamsewu. Anandigwira mkono ndi dzanja lawo lenileni, lopanda golovesi, n'kumasisita zigamba ngati akusankha nsalu. Ndinatsala pang'ono kuwauza kuti akasambe msanga a Beseni asanamve.

"Agogo, mwakhala mukumwa chiyani miyezi yapitayi? Musandibisire."

Ndinayamba ndi tiyi. Sanaseke. Ndiye ndinaulula. Kabwana katabadwa ndinapita kwa munthu wina wogulitsa mankhwala kuseri kwa msika, n'kumuuza kuti ndikufuna khungu losalala msangamsanga. Anandipatsa timapiritsi toyera. Sabata ziwiri zokha, ndinasalala ngati khoma la hotela. Ndinakadzionetsa kwa a Beseni, iwo amvekere, "Tione kaye mwezi wina, bambo." Ndinapitiriza kumwa, nkhope inayamba kufufuma ngati buledi, ndinachita mantha n'kusiyiratu tsiku limodzi. Patatha masiku khumi, ndi izi.

Adokotala akuti timapiritsi timeneto ndi masiteroyidi. Amabisa matendawa kanthawi kochepa, koma ukawasiya mwadzidzidzi matenda amabwerera atatenga abale awo onse. Akuti munthu akhoza kufa nazo, chifukwa khungu likafika pamenepa limataya madzi ndi kutentha kwa thupi. N'chifukwa chake ndikuzizidwa.

Kenako anaona timizere pamiyendo. "Nanga izi?"

Apa ndinayankha monyadira, chifukwa ndi ntchito yanga. Penti yakale ikayamba kukanganuka supaka ina pamwamba. Umayamba wapala, n'kukwecha ndi sandipepa, kenako n'kupaka. Ndiye m'mawa uliwonse ndinkatenga chitsulo changa chopalira penti n'kupala mamba onse bwinobwino ndisanadzole mafuta.

Adokotala anakhala pansi pamphepete pa bedi. Sisitala, namwino wamkulu wa wodi ino, anatembenukira kwina, mapewa akugwedezeka.

"Agogo, mukapala khoma, pansi pake mumapeza chiyani?"

"Pulasitala."

"Nanga mukapala mwendo?"

"Timadontho ta magazi."

"Basi. Khungu lanu si khoma."

Akuti matendawa amakonda pamene pavulala. Ukakanda, ukapala, ukadzicheka, pomwepo pakhoza kumera chigamba chatsopano. Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuwatsegulira zipinda ndekha. Chitsulocho chinali m'chikwama, Sisitala achilanda. Ndawauza kuti achipatse ulemu, chinayamba ntchito iwo asanabadwe.

Lachitatu, 6 Ogasiti

38.2. Kuyabwa ngati ndagona pa linthumbu. Sindikanda. Manja ndawakhalira. Atenga magazi timabotolo titatu. Cholembera chikulemera. Sindinafe.

Lachinayi, 7 Ogasiti

37.4. Diripi achotsa, koma akuti ndizimwa madzi ambiri ndi kudya mazira, nyemba ndi mkaka, chifukwa khungu likuyoyokali likupita ndi mphamvu zanga.

Ntchito ya muno imayenda chonchi. Nthawi ya 6 kuyeza kutentha ndi kuthamanga kwa magazi. Kenako kusamba madzi ofunda, osati otentha, popanda sopo wonunkhira, popanda chinkhupule. Popukuta ndi kungogunditsa thaulo, osakwecha. Thupi lisanaumiretu amandipaka mafuta oyera ofewetsa khungu, mutu mpaka kuphazi, kanayi patsiku. Kawiri patsiku amawonjezera mankhwala opaka, n'kundikulunga nsalu zonyowa ola limodzi. Mankhwala opakawo akuti nawonso ndi a siteroyidi. Ndinati, "Nanga si omwe aja anandigwetsa?" Sisitala akuti opaka, opimidwa, kwa masiku owerengeka, dokotala akuyang'anira, si chimodzimodzi ndi kumeza mapiritsi a kuseri kwa msika.

Namwino wina ndamudzudzula kapakidwe. Amapaka mozungulira ngati akutsuka poto. Wopenta weniweni amatsitsa burashi mbali imodzi. Sisitala anati ndanena zoona, mafutawa amafunika kutsata kumene ubweya wagonera. Mwamva? Sukulu ndinalekera kalasi yachisanu, lero ndikuphunzitsa anamwino.

Pabedi nambala 8 pali Aphunzitsi opuma ntchito, a matenda a shuga, ali ndi chilonda paphazi. Tsiku limene ndinafika anasamutsa masilipasi awo kupita mbali ina ya bedi. Lero anandinong'oneza: "Akulu, pepani, kodi si khate limeneli?"

Ndinati, "Ayi Aphunzitsi, ndi kulemera. Ena amasintha malaya tsiku ndi tsiku, ine ndimasintha khungu."

Sisitala anamva. Anaima pakati pa mabedi athu n'kunena mokweza kuti wodi yonse imve: si khate, si chipere, si mphere, mulibe kachilombo m'menemu. Sungatenge pogwirana chanza, pomwera kapu imodzi, ngakhale pogona bedi limodzi. Aphunzitsi anagwedeza mutu ngati amene anadziwa kale. Masilipasi akadali komweko.

Mayi wokolopa akuti, "Agogo, inu nokha pansi pa bedi panu ndi ntchito ya wodi yonse." Ndawauza kuti asamataye, aziunjika, thumba likadzadza adzaumbe mwamuna.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Ndinawafunsa adokotala kuti andiuze mwachidule chimene chinasokonekera. Akuti khungu la munthu limadzikonza pang'onopang'ono. Pamatenga pafupifupi mwezi kuti latsopano lifike pamwamba, lakale n'kuyoyoka osaoneka. Kwa ine chitetezo cha m'thupi chimalakwitsa, chimalamula khungu kuthamanga, ntchito ya mwezi n'kutha masiku ochepa. Ndiye limangounjikana.

Ndinamva msanga. Ndi mmisiri wopupuluma, wopaka penti yachiwiri yoyamba isanaume. Oterowo ndinkawathamangitsa pantchito. Uyu sathamangitsika. Akuti matendawa satheratu, koma amagonja: akhoza kukhala phee miyezi kapena zaka. Chimene chimawadzutsa ndi nkhawa, zilonda zapakhosi, mowa, fodya, kudzivulaza, ndi mankhwala ena. Anandionetsanso zikhadabo zanga, timaenje ngati pobayidwa ndi singano, akuti nachonso n'chizindikiro. Ndipo mfundo za zala kapena mawondo zikamatupa n'kuuma m'mawa ndinene msanga.

Kenako ndinapempha chimene ndinadzera. "Adokotala, mundilembere kalata. Ya chidindo chachikulu. Yakuti nkhalamba iyi ndi yololedwa kunyamula khanda."

Anandifunsa chifukwa chake, ndinawafotokozera za ulusi wofiira. Sanaseke.

"Kalata sichotsa mantha, agogo. Abwere ndilankhule nawo. Koma ndikawauza zonse, kuphatikizapo kuti matendawa nthawi zina amayenda kumtundu."

"Chomalizacho tingachisiye kaye?"

"Ayi. Zonse kapena osanena kanthu."

Mtsikana wouma mutu. Akanakhala wopenta wabwino.

Loweruka, 9 Ogasiti

Alendo. Mwana wanga ndi a Beseni. Kabwana anakasiya kwa mayi ake a Beseni, poti makanda salowa m'wodi. Anabwera ndi mpunga wa nkhuku, nthochi zisanu, tiyi wa mufulasiki, ndi kapu yanga. Ulusi uli pomwepo, ndipo ndikuona ngati aumanga watsopano.

Tsoka lake anafika nthawi yopaka. Sisitala anali atavala magolovesi. A Beseni anaima kumapazi kwa bedi, maso ali pamagolovesiwo, kenako n'kuyang'ana mwamuna wawo ngati akuti waona? Sisitala anazindikira, n'kufotokoza kuti magolovesiwo akudziteteza ku mankhwala, chifukwa amapaka anthu ambiri tsiku lonse, osati ku khungu langa. A Beseni anati, "Zoona, Sisitala," ndi mawu amene munthu amayankhira woledzera.

Ndinayesa njira ina. Ndinati, "Mayi, malemu apongozi anu anandipaka mafuta kumsana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndi manja awo. Sanatulukepo ngakhale kachiphuphu."

A Beseni anayang'ana pansi. "Koma bambo, si anamwalira?"

Mkazi wanga anafa ndi sitiroko. Onse akudziwa. Mwana wanga anangoyamba kuwerenga zolemba pafulasiki.

Apa ndiye ndinadzuka. Ndinakhala tsonga, nsalu zonyowa zili lendee ngati mkanjo wa woweruza milandu, n'kunena kuti, "Mayi, thupi mukulinyansidwali lakwera makwerero zaka makumi anayi ndi zisanu. Mwamuna wanuyu anakulira pamapewa awa, mamba ali pomwepo, ndipo taonani mmene ananenepera. Ngati ndine chinyalala, tengani nthochi zanu muzipita. Mdzukulu wanga ndidzamunyamula, mufune musafune!" Wodi yonse inaomba m'manja. Aphunzitsi anaimirira ndi phazi limodzi. Alendo anatuluka mitu ili pansi.

Nthochi anasiya. Ndadya ziwiri.

Lamlungu, 10 Ogasiti

37.0. Kuyabwa kwabwereranso, Sisitala akuti ndi nkhawa. Ndilibe nkhawa ine. Khoma la pafupi ndi bedi langa analipenta moipa kwambiri.

Lolemba, 11 Ogasiti

Zotsatira za magazi zabwera. Chiwindi chili bwino, impso zili bwino, magazi okwanira. Anajambulanso chifuwa, mulibe kanthu. Adokotala akuti popeza matenda agwira thupi lonse, zopaka zokha sizikwanira. Mawa ndiyamba mapiritsi otchedwa methotirekiseti, ochepetsa liwiro la mmisiri wopupuluma uja.

Malamulo ake ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuchikuto. KAMODZI PA SABATA, Lachiwiri lokha, osati tsiku ndi tsiku, chifukwa ukamwa tsiku lililonse ndi poizoni. Tsiku lina ndizimwa kapiritsi ka foliki asidi koteteza thupi. Kuyezetsa magazi pafupipafupi. Zilonda m'kamwa, kutentha thupi, chifuwa chachilendo, kubwera kuchipatala msanga. Mankhwala ena alionse, kufunsa kaye. Mowa ayi.

Ndinati mowa ndinasiya kalekale.

"Liti?"

"Tsiku lija anandinyamula kubwera kuno."

Akuti mphamvu yake imaoneka pakatha sabata zingapo, ndisapupulume. Pazigongono ndi m'mutu, moto ukazima, adzandipatsa mankhwala ofewetsa mamba kuti azichoka okha, ndi ena a phula onunkha ngati msewu watsopano. Ndafunsa ngati ndingadzapake ndi burashi. Akana.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndameza. Sisitala anaima pomwepo mpaka ndinayasamula kuwaonetsa kuti apita. Miyendo yaphwa, mapazi alowa m'masilipasi. Kufiira kwayamba kuzilala pachifuwa. Mayi wokolopa akudandaula kuti mwamuna wawo uja atuluka wamfupi.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Mseru tsiku lonse. Akuti zimachitika. Aphunzitsi anasenda lalanje n'kundipatsa theka, dzanja kudzanja, zala zathu zinagundana. Sanapukute. Masilipasi abwerera pakati. Ndinawauza kuti akhoza mayeso, koma mochedwa, abwereze kalasi.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Mwana wanga anabwera yekha nthawi ya nkhomaliro, atavala malaya ake a manja aatali, mabatani otseka mpaka kumapeto monga mwa masiku onse. Anakhala pampando n'kuyamba kundisendera lalanje. Ndinkayang'ana zala zake chifukwa nkhope yake sindinkafuna kuiona.

Wopenta amadziwa khoma lachinyezi ngakhale alipake kasanu. Pachikhadabo cha chala chachikulu panali timaenje. Ngati pobayidwa ndi singano.

"Tapinda malayawo."

"Bambo, muno mukuzizira."

"Iwe, pinda."

Anayang'ana uku ndi uku, n'kumasula batani. Pachigongono cha kumanja, chigamba chokula ngati chivindikiro cha botolo, chotuwa mbuu. Ndikuchidziwa ngati dzina langa.

"Chinayamba liti?"

"Ndisanakwatire. Chimapita, chimabwera. China chili m'mutu, kuseri kwa khutu."

"Mkazi wako unamuuza chiyani?"

"Kuti n'chifukwa chotsamira pa desiki."

"Desiki yake ya sandipepa?"

Sanaseke. Anati, "Bambo, mukuona mmene amachitira ndi kapu yanu. Akadziwa, ine ndidzakanyamulanso kamwana kaja?"

Ndinafuna kumugenda ndi lalanje lomwelo. Miyezi inayi ndikudyera pakona ngati galu woluma, iye ali patebulo, Kabwana kali pachifuwa, matenda omwewo ali kuseri kwa batani! Koma ndinamuyang'ana bwino. Bambo wa mwana, wa tayi pakhosi, akunjenjemera milomo ngati tsiku lija anaswa windo la kasitomala wanga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Ndinati, "Sindikuululira. Chigongono n'chako, mkazi ndi wako. Koma Lolemba nthawi ya 9 adokotala akufuna nonse awiri. Malaya uvale amene ukufuna."

Anapita osamaliza kusenda.

Ndinamupatsa mphuno yanga, dazi langa likubwera, ndi izinso. Sindinasankhe. Nanenso palibe anandifunsa.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Foliki asidi. Nsalu zonyowa asiya. Mankhwala opaka awachepetsa, kamodzi patsiku, akuti amatsitsa pang'onopang'ono ngati munthu wotsika makwerero, osati kudumpha ngati ine. Mafuta ofewetsa okha ndiwo a moyo wonse. Pamene zigamba zachoka patsala mawanga akuda, akuti adzazilala pakapita miyezi. Panopa ndikuoneka ngati nyumba yoyesera mitundu ya penti.

Andilola kukhala pakhonde padzuwa la m'mawa mphindi khumi zokha. Akuti dzuwa pang'ono limathandiza ambiri, koma likakuwotcha limadzutsa matenda.

Aphunzitsi akuti ndingomuuza mpongoziyo za chigongono, nkhani ithe. Anamva zonse, makutu a mphunzitsi sapuma ntchito. Ndakana. Ndikufuna kunyamula mdzukulu, osati kugwetsa denga la mwana wanga.

Lolemba, 18 Ogasiti

Ndilemba zonse mwadongosolo.

Kachipinda ka adokotala, mipando inayi. A Beseni anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, chikwama pamiyendo. Mwana wanga anavala malaya a manja aatali.

Adokotala anafotokoza zonse monga anandiuzira ine: khungu lothamanga, mulibe kachilombo, sapatsirana. A Beseni anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Adokotala, pepani, ine sukulu ya zachipatala sindinapite. Koma ndinaona ndi maso anga kuti amapatsirana."

"Munaona pati, mayi?"

"Bambo a mwanayu ali nacho pachigongono. Amandiuza kuti ndi desiki. Ine si mwana. Ndimachapa malaya awo, ndimaona mamba m'kati mwa mkono. Anatengera kwa bambo awo, kale ankapukutira thaulo limodzi. Ndiye ndimati awa awiri zawagwera kale, koma mwana wanga yekha ayi."

Ndinacheuka. Mwana wanga batani anali atamasula kale, dzanja lili pamkono, akuyamba kupinda. Anali atakonzeka kuulula chinthu chimene mkazi wake wakhala akuchichapa zaka zonsezi. Anapindabe mpaka pamwamba. Kulimba mtima kumeneko ndamulembera.

Adokotala anachiyang'ana chigambacho, anachigwira, n'kuvomera kuti ndi chomwecho, chaching'ono, chofuna zopaka basi. Kenako anatembenukira kwa a Beseni.

"Mwakhala m'banja zaka zingati?"

"Zinayi."

"Bedi limodzi? Bulangeti limodzi?"

A Beseni anandiyang'ana mwamanyazi. Ine ndinayang'ana kudenga. "Ee."

"Zovala zawo mumachapa ndi manja?"

"Ee."

"Tandionetsani mikono yanu."

Anatambasula. Yosalala ngati galasi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, akuitembenuza, ngati mikono ya munthu wina.

"Nanga iwowa anatenga bwanji?"

"Sanatengere thaulo, mayi. Anabadwa ndi mpata wakuti akhoza kudwala, monga munthu amabadwira ndi mphuno ya bambo ake."

Apa ndi pamene ndinkaopa. A Beseni mawu anatuluka pang'ono: "Ndiye mwana wanga?"

Adokotala sanazungulire. Anati zikhoza kutheka, koma ana ambiri a makolo otere sadwala n'komwe. Ndipo ngati mpatawo ulipo, unalowa asanabadwe. Kumubisa kwa agogo ake sikuchotsa kanthu, kumunyamulitsa sikuwonjezera kanthu. Zikadzaoneka, mankhwala alipo, ndipo m'nyumbamo muli kale akatswiri awiri.

A Beseni analira. Osati mofuula, misozi yokha ikugwera pachikwama. Anaimirira, anathokoza adokotala, n'kutuluka. Mwamuna wawo anawatsatira, mkono umodzi wopinda, wina wotseka.

Miyezi inayi ndinkaganiza kuti mayiyu amanyansidwa nane. Anali akulondera mwana wake ndi chida chokhacho anali nacho, beseni. Lero nthabwala zatseka shopu.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Methotirekiseti kachiwiri. Magazi atenganso. Mseru wochepa. Sikunabwere munthu. Ndameta ndevu, ndapesa titsitsi totsalati. Akabwera andipeze ndili bwana, akapanda kubwera ndikhalabe bwana. Adokotala akuti Lachinayi ndituluka.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Ndinali pakhonde padzuwa langa la mphindi khumi, Aphunzitsi ali pambali pa njinga yawo ya odwala akundiwerengera nthawi. Anati, "Akulu, taonani kugeti."

A Beseni okha, chikwama kudzanja, kamtolo ka shawelo yachikasu pachifuwa.

Anafika, anapereka moni, anafunsa mmene ndagonera. Kenako anafunsa za mapiritsi a Lachiwiri, ngati ali oopsa kwa mwana. Ndinati kunyamula ayi, ndinafunsa kale, koma akawapeza n'kumeza ndi ngozi yaikulu. Iwo anati agula kale kabokosi ka loko, kazikhala pamwamba pa kabati, ndipo tsiku lomwera azindikumbutsa okha. Ndinati mumtima, matendawa alowa m'mavuto, apeza woyang'anira.

Kenako anangoti, "Bambo, tandigwirirani mwanayu, ndikutsanulireni tiyi."

Choncho basi. Ngati akundipatsa ambulera.

Manja anga anyamula zitini za penti za malita makumi awiri pamwamba pa makwerero, koma apa anakalandira ngati dzira. Kabwana n'kolemera kuposa mmene kamaonekera. Kanandiyang'ana ndwii ngati kapitawo woyendera ntchito, kanayang'ana mawanga a pakhosi, kenako kanatambasula dzanja n'kundigwira khutu, pomwe pali mamba. Kanakoka. Timamba tiwiri tinatsalira pachibakera chake.

Ndinaona dzanja la a Beseni likunyamuka lokha kupita kuchikwama, kumene kumakhala kansalu. Linaima panjira. Linabwerera pafulasiki. Tiyi anatayikira pang'ono pambali.

Mphindi khumi zinakwana kalekale, Aphunzitsi anangobisa wotchi. Sisitala ndi amene anabwera kudzatisamutsira pamthunzi. Kabwana kanandisiyira chizindikiro chofunda pamwendo, kudutsa thewera. Ndati ndicho chidindo chija adokotala anandimana.

Tiyi anali m'kapu yanga. A Beseni anapempha sizasi kwa Sisitala kuti adule ulusi. Ndinakana. Ndinati, "Usiyeni, mayi. Kapu ya mkulu wa nyumba iyenera kudziwika. Koma aliyense wofuna kumwera, apemphe chilolezo." Anaseka, koyamba chibadwire Kabwana, atatseka pakamwa ndi dzanja.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Katundu wamangidwa. Mafuta ofewetsa chitini chachikulu, mankhwala a m'mutu, mapiritsi, ndi kapepala kobwerera kudzayezetsa magazi pakatha sabata ziwiri. Matenda ndikupita nawo, sanathe, ndipo sadzatha. Koma abwerera kuchipinda chawo, ndipo malamulo a nyumba tsopano ndi anga. Chitsulo chopalira Sisitala akana kubweza. Ndawauza kuti achigwiritse ntchito pakhoma la bedi nambala 7.

Aphunzitsi anandipempha kabukuka kuti aone kalembedwe kanga. Atafika pa Loweruka lija anavula magalasi n'kundiyang'ana. Ndiye poti mboni ilipo, ndikonze.

Zonse zili muno n'zoona, kupatula chimodzi. Mawu aakulu aja a pa 9 Ogasiti sindinanene. Palibe anaomba m'manja, ndipo Aphunzitsi sangaime ndi phazi limodzi ngakhale muwalipire. A Beseni atanena za malemu mkazi wanga, ndinangotembenukira kukhoma n'kufunda kumutu, mpaka alendo anatopa n'kupita. Ndinakhala choncho masana onse. M'maso munkatuluka madzi, koma ndi chifukwa cha khomalo. Analipaka penti yachiwiri yoyamba isanaume.

Nthochi zokha ndinadyadi.